PHUNZIRO LA MWEZI UNO: ULENDO WA PANJINGA KUCHOKERA KU CHITALA KUKWERA KUMAPIRI

Munthu akaima pa Chitala m'boma la Salima n'kuyang'ana kumadzulo, amaona mapiri atandanda ngati mpanda. Kuseri kwa mapiri amenewo kuli Dowa, Ntchisi ndi Lilongwe, ndipo chakummwera kwake kuli Dedza. Anthu ambiri a m'dera lino amakwera mapiriwo pa njinga ya kapalasa. Ena amapita kukagulitsa nsomba zouma, mtedza ndi mpunga, ena kukazonda odwala, ena kumaliro, ndipo ena kukafuna ganyu. Njinga ndi bwenzi la munthu wakumudzi, pakuti siifuna petulo ndiponso siidikira kuti anthu adzaze monga imachitira minibasi.

Komatu tisaiwale kuti petulo wa njinga ndiye thupi la mwini wake. Pokwera mtunda thupi limataya madzi ndi mphamvu, ndipo potsetsereka moyo wonse wa munthu umadalira timphira tiwiri kapena tinayi ta mabuleki. Amene amayenda maulendo otere kawirikawiri ndi amene akudyetsa banja, motero akagwa m'njira ana ndi amene amagona ndi njala. M'phunziro lino tiona njira zimene munthu wa ku Chitala amadzera, zimene zimachitika m'thupi mwake m'njiramo, ndi zimene ayenera kuchita kuti apite ndi kubwerako wamoyo.

DZIKO LIMENE TIKUKWERA

Nyanja ya Malawi ili m'chigwa chachikulu, ndipo madzi ake ali pa mamita pafupifupi 474 pamwamba pa nyanja yamchere. Chitala ili pa mamita pafupifupi 600. Lilongwe ili pa mamita pafupifupi 1,050, pamene tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600, ndipo ndiyo yokwera kuposa matauni onse m'Malawi muno. Phiri la Dedza lenilenilo limafika mamita 2,198.

Manambala amenewa ali ndi tanthauzo pa umoyo wathu. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kwa mpweya kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Ichi ndi chifukwa chake thonje ndi malambe zimakonda ku Chitala, pamene kachewere ndi kabichi zimakonda ku Dedza. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kuchigwa kuno kumatentha kwambiri, mwakuti masiku ena kumafika madigiri 35 kapena kupitirira apo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumapiri kumazizira kwambiri m'mawa ndi madzulo, ndipo nthawi zina kumachita nkhungu. Tsono wokwera njinga amadutsa nyengo ziwiri tsiku limodzi: amanyamuka kotentha n'kukafika kozizira, malaya ake atanyowa ndi thukuta.

NJIRA ZITATU

Njira yoyamba ndi ya m'chidikha, msewu wa M5 umene umatsata nyanja. Kumpoto umadzera ku Khombedza ndi ku Benga mpaka ku Nkhotakota, ndipo kummwera umadzera ku Chipoka, Mtakataka ndi Golomoti kulowera cha ku Balaka. Palinso kanjira kakafupi kochokera pa Salima kupita ku Senga Bay, makilomita pafupifupi 20. M'njira zimenezi mulibe mitunda yoopsa, koma muli dzuwa. Phula wa pamsewu amatentha masana n'kumabweza moto kumaso. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mphepo ya mwera, ndipo amene akulowera kummwera amalimbana nayo ngati akukwera phiri. Mphepo imaumitsa thukuta msanga, choncho munthu sazindikira kuti akutaya madzi ambiri.

Njira yachiwiri ndi msewu wa M14 wochokera ku Salima kupita ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 100. Msewu umenewu umachoka m'chigwa n'kukwera mapiri a m'boma la Dowa, kudzera m'dera la Mvera, kumene mishoni idakhazikitsidwa m'chaka cha 1889, ndi pa Chezi. Musanyengedwe poona kuti Lilongwe yaposa Chitala ndi mamita 450 okha. Msewuwu umakwera, umatsika kumtsinje, umakweranso, ndipo umayamba wafika pamalo okwera kuposa Lilongwe usanatsikire mumzindamo. Chimene miyendo imakwera n'chochuluka kuposa chimene manambala akuonetsa. Mumsewu umenewu mumayendanso magalimoto akuluakulu ndi mabasi ambiri.

Njira yachitatu ndi ya Khwekhwerere. Munthu amatsata M5 kummwera, kupitirira Mtakataka ndi Mua, kumene ansembe adamanga mishoni m'chaka cha 1902, mpaka pa Golomoti. Pamenepo amakhotera kumadzulo n'kuyamba kukwera msewu wokhotakhota umene umakatulukira pa Masasa, pa msewu wa M1, ndipo kuchokera apo amalowera kumpoto kupita ku Dedza. Apa munthu amakwera mamita pafupifupi 1,000, ndipo mbali ina ya msewu ndi phompho. Mwa njira zitatuzi, imeneyi ndiyo yofuna nzeru koposa, pokwera ndi potsika pomwe.

THUKUTA NDI MADZI

Thupi la munthu wabwinobwino limakhala pa madigiri 37. Minofu ikamagwira ntchito imatulutsa kutentha, ndipo thupi limadziziziritsa potulutsa thukuta. Thukutalo likamauma pakhungu limachotsa kutentha kuja. Munthu wopalasa njinga ya katundu pamtunda, dzuwa lili pamutu, angathe kutaya lita imodzi ya thukuta pa ola, mwinanso kupitirira. Thukuta limatuluka pamodzi ndi mchere, n'chifukwa chake malaya akauma amaoneka mizere yoyera kumsana.

Madzi akachepa m'thupi, magazi nawo amachepa, ndipo mtima umayamba kugunda mofulumira kuti magazi ochepawo afike kuminofu, kukhungu ndi kuubongo. Thukuta limayamba kuchepa, thupi n'kumatenthera m'kati. Impso nazo zimavutika, ndipo munthu amene amagwira ntchito yolemetsa padzuwa mosamwa madzi okwanira angathe kuziwononga.

Ludzu limabwera mochedwa. Pamene mukumva kukhosi kuuma, thupi lataya kale madzi. Choncho tsatani malangizo awa:

1. Imwani makapu awiri a madzi musananyamuke pakhomo.

2. M'njira, kukatentha, imwani kapu imodzi pakapita mphindi 15 kapena 20 zilizonse. Kumwa pang'onopang'ono kumathandiza kuposa kugugudiza chigubu chonse nthawi imodzi.

3. Pa ulendo wa maola 6 kapena 7 nyengo yotentha mufunika malita 4 kapena 5. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Ena amasiya chigubu ati chikulemera, chonsecho anyamula thumba la makilogalamu 50. Chepetsani katunduyo, chigubu chikwere.

4. Yang'anani mkodzo wanu. Ukakhala woyera kapena wachikasu pang'ono, madzi alimo okwanira. Ukakhala wochepa ndi wofiirira ngati tiyi, imani ndi kumwa. Ngati mwayenda theka la tsiku osakodza, zinthu sizili bwino.

5. Bwezeretsani mchere. Chakudya chothira mchere monga mtedza wokazinga chimathandiza. Mukafooka kwambiri, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi abwino. Ngati Thanzi palibe, thirani timasupuni 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi ya madzi. Musachulutse mchere.

MADZI A M'NJIRA

Ludzu likakula, munthu amamwa paliponse. Apa ndi pamene ambiri amatengera matenda. Tisaiwale kuti mliri wa kolera umene udayamba m'chaka cha 2022 n'kupitirira mu 2023 udapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja adavutika kwambiri. Tengani madzi owiritsa kapena othira mankhwala a kolorini kuchokera kunyumba. Akatha, tungani pamjigo. Madzi a mumtsinje ndi m'zithaphwi, ngakhale aoneke oyera, akhoza kukhala ndi tizilombo totsegula m'mimba, ndipo kutsegula m'mimba pa ulendo wotere kumamaliza madzi otsala m'thupi.

Chinanso, munthu akatenthedwa amafuna kudziponya m'dziwe kuti azizidwe. M'madzi odekha a kuchigwa, makamaka m'mene muli bango ndi udzu, mumakhala nkhono zosunga tizilombo ta likodzo. Tizilombo timeneti timalowera pakhungu, ndipo munthu sakumva kanthu nthawi imeneyo. Ndi bwino kudzithira kumutu ndi m'khosi madzi a pamjigo. Ngati mwayamba kukodza magazi, pitani kuchipatala, pakuti likodzo lili ndi mankhwala.

Amene agona m'njira kapena kwa achibale kuchigwa agone m'neti. Malungo ndi ochuluka kumadera otentha a kunyanja.

ZIZINDIKIRO ZA KUTENTHEDWA

Matenda obwera ndi kutentha amakwera pang'onopang'ono monga umakwerera msewu, ndipo tingawagawe patatu.

Poyamba minofu ya m'miyendo kapena ya pamimba imakokana ndi kupweteka. Apa thupi likunena kuti madzi ndi mchere zachepa. Tsikani panjinga, khalani pamthunzi, imwani Thanzi, ndipo wongolani mwendowo mofatsa.

Kachiwiri kumabwera kulefuka. Munthu amatuluka thukuta lambiri, mutu umawawa, amachita chizungulire ndi nseru, mtima umagunda mofulumira, ndipo miyendo imakhala ngati si yake. Wotere agonekedwe pamthunzi, miyendo itakwezedwa pang'ono. Mumasuleni malaya, mumupukute ndi nsalu yonyowa, mumukupize, ndi kumupatsa madzi kapena Thanzi pang'onopang'ono. Asapitirize ulendo tsiku limenelo. Ngati akusanza kosalekeza, kapena patha theka la ola osapezako bwino, apite kuchipatala.

Kachitatu ndi pamene pali imfa. Thupi limatentha kupitirira madigiri 40 ndipo ubongo umasokonekera. Munthu amayankhula zosamveka, amadzandira ngati woledzera, amakwiya popanda chifukwa, amakomoka kapena kugwa ngati wakhunyu. Khungu limatentha kwambiri. Kwa ena limauma, kwa ena thukuta limakhalapobe. Anthu odutsa amangoti, "Asiyeni, aledzera awa." Mawu amenewo angathe kumupha munthu amene akadapulumuka.

Mukapeza munthu wotere, musachedwe. Muikeni pamthunzi, muvuleni zovala zolemera, mumuthire madzi thupi lonse ndi kumukupiza mwamphamvu. Ikani nsalu zonyowa m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Ngati wakomoka musamumwetse kanthu, chifukwa madziwo angalowe m'mapapo; mugonekeni cham'mbali. Imitsani galimoto, ndipo pitirizani kumuziziritsa m'njira yonse mpaka kuchipatala. Mapiritsi a mutu sangatsitse kutentha kwa mtundu umenewu. Kumbukiraninso kuti malungo aakulu amaoneka chimodzimodzi, motero ndi a kuchipatala okha amene angasiyanitse poyeza magazi.

NTHAWI, CHAKUDYA NDI ZOVALA

Nyamukani kukangoyera, pamene maso ayamba kuona msewu, kuti mtunda waukulu muukwere dzuwa lisanakule. Nyengo yotentha pumulani pamthunzi kuyambira cha m'ma 11 koloko mpaka cha m'ma 3 koloko madzulo. Munthu woyenda pansi wopanda katundu amatha makilomita 4 kapena 5 pa ola, ndipo wokankha njinga ya katundu pamtunda amachepera pamenepo. Choncho ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Dedza ndi katundu si wa tsiku limodzi. Dziwiranitu kumene mukagone, ndipo auzeni a pakhomo njira imene mudzere ndi tsiku limene mubwere. Kuthamanga sikufika.

Musanyamuke ndi njala. Idyani nsima yokwanira madzulo a dzulo lake, ndipo m'mawa imwani phala lothira nsinjiro kapena idyani mbatata. Kamba wa paulendo akhale mbatata yophika, chinangwa, nthochi, mtedza ndi thobwa losasasa. Idyani pang'ono pakapita maola awiri alionse. Munthu akayamba kunjenjemera ndi kuona mdima pamtunda, nthawi zambiri ndiye kuti shuga wachepa m'magazi.

Mowa ndi mdani wa wokwera njinga. Ena amati kachasu amapatsa mphamvu pamtunda, koma zoona zake n'zakuti mowa umakodzetsa, motero umachotsa madzi amene thupi likuwafuna. Umachedwetsanso dzanja kugwira buleki, ndipo umamunamiza munthu kuti angathe zimene sangathe.

Valani malaya opepuka, owala, ndi chipewa cha mlaza kapena china chophimba nkhope ndi khosi. Nyamulani juzi ngakhale mukunyamuka kotentha. Mukafika pamwamba thukuta lili noninoni n'kukumana ndi mphepo ya ku Dowa kapena ku Dedza, thupi limazizidwa msanga. Vulani malaya onyowawo, valani ouma. Mapatapata amaterereka pa mapedulo. Nsapato zomanga ndizo zabwino.

POKWERA MTUNDA

Pali njira yapafupi yodziwira ngati mukuukakamiza mtima wanu. Ngati mungathe kuyankhula ndi mnzanu mukupalasa, muli bwino. Ngati mawu akudukaduka ndipo mukupumira m'mwamba, tsikani muyambe kukankha. Anyamata ena amachita manyazi kutsika pamaso pa anzawo, koma akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Njinga zambiri za kumudzi zilibe magiya, ndipo sizidapangidwe kuti zikwere Khwekhwerere munthu ali pachishalo.

Konzani chishalo kuti mwendo uzitsala pang'ono kuwongoka pamene pedulo ili pansi. Chishalo chotsika kwambiri chimapweteketsa mawondo ndi msana. Katundu amangidwe motsika ndi molingana mbali zonse ziwiri, ndipo asatambalale kwambiri kulowa mumsewu. Popumula ikani mwala kuseri kwa tayala kuti njinga isabwerere m'mbuyo. Musagwire kumbuyo kwa lole kuti ikukokeni. Woyendetsa sakukuonani, ndipo akangokhota kapena kuima mwadzidzidzi mumalowa kunsi kwa matayala.

Ngati pamtunda mwamva kupweteka kapena kufinya pachifuwa, makamaka kofalikira kudzanja lamanzere kapena kunsagwada, imani pomwepo ndipo pemphani thandizo lokafika kuchipatala. Kumeneko si kutopa wamba.

POTSETSEREKA

Munthu akafika pamwamba amaona ngati ntchito yatha, chonsecho ngozi yaikulu ili pobwerera. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Bambo wolemera makilogalamu 60, pa njinga ya makilogalamu 20, wanyamula matumba awiri a kachewere a makilogalamu 50 lililonse. Zonse pamodzi ndi makilogalamu 180. Katundu yenseyo ayenera kuimitsidwa ndi timphira ta mabuleki tosaposa chala kutalika. Dziwaninso kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti njinga iime umawirikiza kanayi. Mvula ikagwa malimu amanyowa, ndipo mabuleki amachedwa kugwira.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidanena mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, okwera njinga za kapalasa ndi okwera njinga zamoto. Wapanjinga alibe chitsulo chomutchinga. Chimene chimagunda pansi ndi thupi lake.

Musanayambe kutsika, imani pamwamba ndi kuchita izi:

1. Finyani mabuleki onse awiri n'kukankha njinga. Ngati ikuyendabe, musakwere. Timphira totha tisinthidwe. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi mwendo wothyoka.

2. Onani matayala ngati ali ndi mpweya wokwanira ndiponso ngati sadang'ambike. Onani masipoko, tcheni, mahandulo ndi keliyala. Mangitsaninso zingwe za katundu.

3. Potsika gwirani mabuleki onse awiri pamodzi, mofatsa, kuyambira pamwamba pomwe njinga isanatenge liwiro. Kufinya ya kutsogolo yokha mwadzidzidzi kumamuponya munthu chamutu.

4. Chepetsani liwiro musanafike pokhota, ndipo khalani kumanzere kwanu. Musadule kona, pakuti simukuona chimene chikubwera kuseri kwa phiri. Samalani mchenga ndi timiyala ta m'mbali mwa msewu.

5. Pa mtsetse wautali imani kawirikawiri kuti malimu azizire ndi manja apumule. Pamene patsetsereka kwambiri, tsikani muyende pansi mutagwira mabuleki.

6. Kuponda tayala ndi phazi kapena kukoka nthambi kumbuyo sikungalowe m'malo mwa mabuleki.

Ngati mungathe kupeza chisoti cha panjinga, valani ndi kumanga lamba wake, chifukwa kuvulala kwa mutu ndiko kumapha ambiri mwa okwera njinga amene achita ngozi. Pewani kuyenda usiku. Ngati simungachitire mwina, khalani ndi nyali yoyera kutsogolo, chonyezimira chofiira kumbuyo, ndi chovala chowala. Mukamayenda pagulu, ndandani mmodzi kumbuyo kwa mnzake. Kuyenda awiri kapena atatu n'kwabwino kuposa kuyenda wekha, chifukwa wina akagwa pamakhala womudzutsa.

NGOZI IKACHITIKA

Choyamba onetsetsani kuti galimoto ina isagundenso wovulalayo kapena inu; ikani nthambi pamsewu mbali zonse ziwiri. Ngati akudandaula khosi kapena msana, kapena sakumva miyendo yake, musamupinde. Pomunyamula pakhale anthu angapo, mutu, khosi ndi msana zikhale mowongoka pa chinthu cholimba monga chitseko.

Pamene pakutuluka magazi, panikizani ndi nsalu yoyera mwamphamvu osachotsachotsa. Nsaluyo ikanyowa, onjezani ina pamwamba pake. Fupa lothyoka musayese kuliwongola. Limangirireni ku kamtengo kapena thabwa monga liliri. Bala laling'ono litsukidwe ndi madzi abwino ndi sopo mpaka mchenga wonse utachoka. Musathirepo dothi, ndowe, phulusa kapena mafuta a galimoto. Dothi ndi ndowe zimasunga tizilombo ta kafumbata, choncho pa bala lakuya kapena lakuda kafunseni za katemera kuchipatala.

Munthu amene wagunda mutu angathe kudzuka n'kumaseka, koma magazi akutuluka m'kati mwa chigaza. Ngati adakomokako ngakhale pang'ono, kapena akusanza, akusinza kwambiri, akuiwala zimene zachitika, mutu ukuwawirawawira, kapena m'khutu ndi m'mphuno mukutuluka magazi kapena madzi, apite kuchipatala msanga. Usiku woyamba asagone yekha.

Agalu amakonda kuthamangitsa njinga. Galu akakulumani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika, koma katemera wolandira msanga amapulumutsa.

ANA, ODWALA NDI AMAYI OYEMBEKEZERA

Mwana wokhala pakeliyala miyendo ili lendelende angathe kulowetsa phazi m'masipoko, ndipo bala lake limakhala lalikulu ndi lochedwa kupola. Ikani zopondapo ndi chotchinga tayala, ndipo mwanayo avale nsapato. Mwana amatenthedwa msanga kuposa wamkulu, motero mumuphimbe kumutu ndi kumumwetsa kawirikawiri. Wakhanda wosakwana miyezi 6 ayamwitsidwe pafupipafupi. Iye safunika madzi ena.

Wodwala wofooka asakwezedwe pakeliyala popanda womugwira. Mayi woyembekezera asadikire kuti matenda ayambe ndiye akwere njinga pamsewu wa mabampu. Apite kukadikirira kuchipatala masiku ake akayandikira, monga amalangizira anamwino kusikelo.

Kupalasa njinga pakokha n'kwabwino. Kumalimbitsa mtima ndi mapapo, ndipo kumathandiza kupewa kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Koma amene ali ndi matenda a mtima, kuthamanga kwa magazi, shuga, mphumu, khunyu kapena kuchepa kwa magazi ayambe wafunsa kuchipatala asanayese mitunda imene tatchulayi, ndipo atenge mankhwala ake paulendo. Amene wangochira kumene malungo kapena kutsegula m'mimba adikire kaye kuti mphamvu zibwerere. Safunsa adadya phula.

ZOTI TIKUMBUKIRE

Ulendo wa kumapiri umayambira pakhomo madzulo a dzulo lake. Ndi pamene munthu amayesa mabuleki, amadzaza chigubu, amaphika mbatata, amaika pampu, zigamba, guluu ndi sipanala m'thumba, ndi kuchotsako katundu wopitirira muyeso. Amayi ndi ana a pakhomo nawo ali ndi mbali yawo. Bambo akamamanga katundu, afunseni kuti, "Kodi madzi mwatenga? Nanga mabuleki mwayesa?" Mafumu, alangizi a zaumoyo, aphunzitsi ndi atsogoleri a magulu a kabaza akambe nkhani imeneyi pamisonkhano yawo, makamaka mwezi wa Okutobala usanafike.

MAFUNSO OKAMBIRANA PAGULU

1. N'chifukwa chiyani munthu ayenera kumwa madzi asanamve ludzu? Nanga mkodzo umatiuza chiyani?

2. Mwapeza munthu ali gone m'mbali mwa msewu cha ku Mvera masana a mwezi wa Novembala, thupi lili lotentha, akuyankhula zosamveka. Tchulani zinthu zinayi zimene muchite, ndi chimodzi chimene simuyenera kuchita.

3. Fotokozani kapangidwe ka madzi a shuga ndi mchere pamene Thanzi palibe.

4. Tchulani zimene muyenera kuona panjinga musanayambe kutsika Khwekhwerere.

5. M'mudzi mwanu, ndi angati ali ndi njinga zopanda mabuleki abwino? Kodi gulu lanu lingachitepo chiyani mwezi uno?